Nsanja ya mafupa a ng'ombe: zomwe mlendo wochokera ku Pretoria West amakaona ku Korea

Mwezi wa November kunja kumacha msanga ku Pretoria West. Nthawi ikamakwana 5 koloko m'mawa, pamsika waukulu wa zokolola wa mzinda wa Tshwane, m'mbali mwa msewu wa Es'kia Mphahlele, pamakhala patadzaza kale malole ndi timagalimoto ta amalonda odzapikula mbatatesi, anyezi, kabichi ndi tomato. Pakati pa onyamula matumba ndi ogulitsa m'misewu pamamveka Chitswana, Chipedi, Chizulu ndi Chishona, ndipo wotchera khutu bwino amamvanso Chichewa, Chiyao ndi Chitumbuka. Amalawi ambiri okhala mbali imeneyi ya mzinda adasiya mabanja kumudzi. Mwa zifukwa zomwe amapiririra ntchito zolemetsa, lendi yokwera ndi mantha a mapepala, chachikulu ndi fizi ya ana.

Chapafupi pomwepo, mu msewu wa Staatsartillerie, pali likulu la Tshwane University of Technology, sukulu yaukachenjede yomwe idabadwa pa 1 January 2004 boma litaphatikiza makoleji atatu a ntchito za luso. Mwezi womwewu ophunzira ake amakhala ali kalikiliki ndi mayeso, monganso ana a Giredi 12 omwe amalemba matiriki m'dziko lonse la South Africa. Maluwa a jakaranda amakhala akuyoyoka m'misewu, ndipo ophunzira a mu Pretoria ali ndi kachikhulupiriro koti duwa likamugwera munthu pamutu ndiye kuti mayeso wakhoza.

Kutali kummawa, kudziko lomwe nthawi yake ili patsogolo ndi maola 7, mwezi womwewu kuli tsiku limodzi lomwe ndege zimaletsedwa kutera ndi kunyamuka kwa mphindi 35 kuti ana amve bwino mafunso a mayeso. Dzikolo ndi South Korea. Dzina lake lili m'matumba mwa anthu ambiri pamsika uja, pa mafoni a Samsung, ndiponso pa magalimoto a Hyundai ndi Kia odutsa mu msewu wa WF Nkomo. Kholo lomwe likutumiza fizi kumudzi lingachite bwino kulidziwa dziko limeneli, popeza kumeneko alimi osauka adaika chuma chawo chonse pa sukulu ya ana, adapata zomwe ankafuna, ndipo lero zidzukulu zawo zikuwerengera mtengo wake.

Njira yochokera ku Pretoria kupita ku Seoul

Ubale wa Pretoria ndi Korea udayamba kale mafoni asanabwere. Mu 1934, pomwe fakitale ya Iscor inkatulutsa chitsulo chake choyamba ku Pretoria West, dziko la Korea lidali mu ulamuliro wa Japan, womwe udayamba mu 1910 n'kutha mu 1945. Atsamundawo atachoka dziko lidagawika pawiri, ndipo mu June 1950 nkhondo idabuka pakati pa kumpoto ndi kummwera. South Africa idatumiza gulu la ndege za nkhondo lotchedwa 2 Squadron, lodziwikanso kuti Flying Cheetahs, kukamenya kumbali ya United Nations. Amuna oposa 800 adapita, oposa 30 sadabwerere, ndipo mumzinda wa Pyeongtaek muli chipilala chowakumbukira. Nkhondo itaima mu July 1953, South Korea idali bwinja, limodzi mwa maiko osaukitsitsa padziko lapansi, lodalira ufa wa tirigu ndi mkaka wachithandizo.

Fakitale ya POSCO mumzinda wa Pohang idayamba kusungunula chitsulo mu 1973, patatha zaka 39 chiyambireni Pretoria West. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ng'anjo zikuluzikulu za ku Pretoria West zidali zitazima, pomwe POSCO idali itasanduka imodzi mwa makampani aakulu a zitsulo padziko lonse. Maiko awiriwa adakhazikitsa ubale wa ukazembe mu December 1992, ndipo mu November 2021 boma la Korea lidatsegula nyumba ya chikhalidwe, Korean Cultural Centre, kudera la Brooklyn kummawa kwa mzinda wa Pretoria, komwe achinyamata amakaphunzira chinenero ndi miyambo ya dzikolo.

Komabe njira yomwe yapondedwa kwambiri ndi ya aphunzitsi. South Africa ili pakati pa maiko 7, ndipo ndi dziko lokhalo mu Africa, lomwe nzika zake zokhala ndi digiri zimalandira chilolezo chokaphunzitsa Chingerezi ku Korea, kudzera mu pologalamu ya boma ya EPIK kapena m'masukulu omwe si aboma. Chifukwa cha kusowa kwa ntchito, achinyamata ambiri omaliza maphunziro amasankha ulendowu. Nzika za Malawi, Zambia ndi Mozambique zilibe khomo limeneli, ndipo ochepa omwe amafikako ambiri amapita pa sikolashipu ya boma la Korea kapena ya bungwe lake la chitukuko la KOICA. Zomwe alendo onsewa amasimba akabwerako zimafanana kwambiri.

Masiku oyamba

Ndege yodzera ku Addis Ababa, Doha kapena Dubai imakatera pabwalo la Incheon, lomwe lidatsegulidwa mu 2001 pamalo omwe anthu adachita kukwirira nyanja pakati pa zilumba ziwiri. Choyamba kudabwitsa mlendo ndi kuthinana. South Korea ndi dziko locheperapo poyerekeza ndi Malawi, koma muli anthu oposa 51 miliyoni, ndipo gawo lalikulu la dzikolo ndi mapiri. Theka la anthu onsewa limakhala mumzinda wa Seoul ndi madera ouzungulira, m'nyumba zosanjikizana zofanana ngati mbewu zamumzere, zolembedwa manambala akuluakulu pakhoma. Aliyense amakhala ali pa liwiro, ndipo mawu omwe mlendo amayamba kuphunzira ndi akuti ppalli-ppalli, kutanthauza kuti msangamsanga.

Munthu wozolowera mipanda yamagetsi ndi zitseko zachitsulo za ku Pretoria amachita kakasi kuona wina akusiya foni patebulo m'nyumba yomwera khofi pofuna kusunga malo, n'kukaipeza ili pomwepo. Amadabwanso kuti zinyalala sizitayidwa mwachisawawa. Kuyambira mu 1995 banja lililonse limagula matumba apadera otayiramo zinyalala, kotero kuti wotaya zambiri amalipira zambiri, ndipo zotsala za chakudya zimapatulidwa n'kukapangidwa manyowa, chakudya cha ziweto kapena gasi. Palinso zowawa. Kuzizira kwa January kumaumitsa madzi, ndipo munthu wakhungu lakuda, makamaka m'matauni ang'onoang'ono, amayenera kuzolowera maso omutsatira ndi mafunso osonyeza kuti ambiri sadziwa kuti Africa ndi maiko ochuluka.

Pakapita masabata ochepa, mlendo wokulira kumudzi amayamba kuona kuti pansi pa magalasi ndi magetsi pali miyambo yomwe sakufunika kuphunzitsidwa. Chinthu chimaperekedwa ndi kulandiridwa ndi manja awiri, kapena dzanja lamanja lamanzere litagwira pamkono. Wamng'ono sayamba kudya wamkulu asanatole supuni, ndipo akamamwa pamaso pa wamkulu amatembenukira kumbali. Nsapato zimasiyidwa pakhomo, chifukwa anthu amakhala ndi kugona pansi pomwe pamafunditsidwa ndi moto wodutsa kunsi, njira yakale yotchedwa ondol. Anthu akangodziwana amafunsana zaka zakubadwa, ndipo funsoli si chipongwe, popeza chinenero chawo chili ndi malankhulidwe osiyana kwa wamkulu ndi kwa mnzako, monga Chichewa chimasiyanitsira iwe ndi inu. Mayi wogulitsa chakudya amaitanidwa kuti azakhali, nkhalamba iliyonse ndi agogo, ndipo mayi wobereka amadziwika ndi dzina la mwana wake, monga kumudzi amanenera kuti amake a Uje.

Moni wina wofala ndi funso lakuti, kodi mwadya mpunga? Funsoli lidachokera m'masiku a njala. Akuluakulu amakumbukirabe nyengo yomwe ankaitcha boritgogae, chikweza cha barele, pomwe mpunga wa chaka chatha unkakhala utatha m'nkhokwe barele asanache, ndipo mabanja ankadya mizu ndi makungwa a mitengo. Mlimi wa ku Dedza kapena Petauke amaidziwa bwino nyengo imeneyi, chifukwa ndi February wake. Nkhawa yosunga ndiwo idakalipo mpaka lero. Kumapeto kwa November mabanja ndi anansi amasonkhana kufutsa kabichi wochuluka mu mchere, tsabola ndi adyo kuti apange kimchi wodya nyengo yonse yozizira. Mwambowu, wotchedwa kimjang, udalembedwa ndi UNESCO mu 2013 ngati chuma cha chikhalidwe cha anthu onse, ndipo cholinga chake n'chimodzi ndi cha mfutso. Pa chikondwerero cha zokolola cha Chuseok misewu imadzaza anthu opita kumidzi ya makolo kukalambula manda ndi kupereka chakudya chatsopano kwa omwe adatsogola.

Mwana yemwe safika kunyumba dzuwa likadalipo

Chomwe mlendo savomereza msanga ndi moyo wa ana a sukulu. Chaka cha sukulu chimayamba mu March, ndipo masana zonse zimaoneka zosiririka. Makalasi ndi ofunda, mabuku alipo, ana amasesa okha makalasi awo, ndipo amadya nkhomaliro yotentha pasukulu pomwepo. Mumzinda wa Seoul chakudyachi chidafika kwaulere m'masukulu onse, kuyambira pulayimale mpaka sekondale, mu 2021. Maphunziro onse amachitika m'chinenero chawo, m'zilembo za Hangul zomwe Mfumu Sejong adalengeza mu 1446 kuti munthu wamba azitha kuwerenga.

Belu lomaliza likalira, ana ambiri sapita kwawo. Timabasi tachikasu timawatenga kupita ku hagwon, masukulu olipira a madzulo, komwe amaphunziranso masamu, Chingerezi ndi sayansi, kawirikawiri zinthu za makalasi omwe sadafikeko. Kudera la Daechi-dong ku Gangnam, nyumba zosanjikizana zimakhala ndi hagwon pansanjika iliyonse. Lamulo la mzinda wa Seoul limati masukuluwa azitseka 10 koloko usiku, ndipo nthawi imeneyo msewu umatsekeka ndi magalimoto a makolo odzatenga ana. Ena mwa anawo amapitirira kuzipinda zowerengera zolipira mpaka pakati pa usiku. Mphunzitsi wochokera ku Pretoria amaona zotsatira zake m'mawa, mitu ili pamadesiki, ndipo ophunzira ena amabwera ndi kapilo kovala pamkono.

Malinga ndi ziwerengero za boma la Korea, mu 2024 ana 8 mwa 10 alionse a pulayimale ndi sekondale ankalandira maphunziro olipira oterewa, ndipo makolo adawononga ndalama zokwana 29.2 thililiyoni won, pafupifupi madola 20 biliyoni a ku America. Ndalamazi zimaposa chuma chonse chomwe dziko la Malawi limapanga pa chaka. Boma lidayesapo kuthetsa mchitidwewu. Mu 1980 ulamuliro wa Chun Doo-hwan udaletsa maphunziro olipira apadera, koma olemera ankalemba aphunzitsi mobisa, ndipo mu 2000 khoti loona za malamulo aakulu a dziko lidathetsa chiletsocho. Kholo lililonse limadandaula kuti mpikisanowu ukupha, koma palibe lofuna kuti mwana wake akhale woyamba kutsika.

Tsiku lomwe dziko limayenda chonyang'ama

Zonsezi zimalunjika pa tsiku limodzi, Lachinayi lapakati pa November, tsiku la mayeso olowera kuyunivesite otchedwa Suneung, omwe adayamba kulembedwa mu 1993. Ophunzira pafupifupi theka la miliyoni amalemba maphunziro onse tsiku lomwelo, kuyambira 8:40 m'mawa mpaka 5:45 madzulo. Maofesi aboma ndi msika wa masheya amatsegula mochedwa ndi ola limodzi kuti misewu ikhale yopepuka. Apolisi amadikira ndi njinga zamoto kuti athamangitse wochedwa. Asilikali amaimitsa maphunziro aphokoso, ndipo nthawi ya mayeso omvetsera Chingerezi ikakwana, cha m'ma 1 koloko masana, ndege zomwe zili kale mumlengalenga zimazungulira kutali kudikira kuti ana amalize. Olemba mafunso amatsekeredwa pamalo obisika kwa nthawi yoposa mwezi, opanda foni, mpaka mayeso atatha. Mu 2017 chivomezi chitagwedeza mzinda wa Pohang tsiku loti mawa lake ndi mayeso, boma lidasuntha mayesowo ndi sabata imodzi m'dziko lonse.

Miyambo ya tsikuli imakumbutsa duwa la jakaranda lija. Ana amapatsidwa switi womata wotchedwa yeot, chifukwa mawu otanthauza kumata m'chinenero chawo amatanthauzanso kukhoza mayeso. Msuzi wa ndere za m'nyanja sudyedwa, poopa kuti mwana angaterereke. Amayi ambiri amayamba mapemphero kutatsala masiku 100, ena m'matchalitchi, ena kukachisi wa Jogyesa mu Seoul, ena amakwera phiri la Palgongsan pafupi ndi Daegu kukagwada pamaso pa chifanizo cha mwala cha Gatbawi. Pa tsikulo ena amaima pageti la sukulu tsiku lonse manja atagwira zitsulo.

Chomwe akupempherera si kukhoza chabe, popeza ana pafupifupi 7 mwa 10 omaliza sekondale amapitadi kukoleji. Mpikisano uli pa mipando yochepa ya mayunivesite atatu otchuka, Seoul National, Korea ndi Yonsei, ndiponso sukulu za udokotala, chifukwa dzina la yunivesite limatsegula kapena kutseka khomo la makampani aakulu, ndipo nthawi zina ngakhale la ukwati. N'chifukwa chake pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse olemba Suneung amakhala wobwereza, yemwe wathera chaka china chonse akukonzekera tsiku limodzi lomwelo.

Ng'ombe zomwe zidamanga mayunivesite

Kuti mlendo amvetse gwero la ludzu limeneli ayenera kutuluka mu Seoul n'kupita kumudzi. Ulemu wa mayeso ndi wakale m'dzikolo: kuyambira mu 958 mpaka 1894 mafumu ankasankha akuluakulu a boma kudzera m'mayeso otchedwa gwageo, ngakhale kuti opindula ambiri adali ana a mabanja apamwamba. Pomwe atsamunda ankachoka mu 1945, akuluakulu pafupifupi 8 mwa 10 sankadziwa kuwerenga. Kusintha kwakukulu kudadza mu 1950, boma litayamba kugawa minda ya eni malo akuluakulu kwa alimi omwe ankalima mobwereka. Banja silinkaloledwa kupitirira mahekitala atatu, ndipo wolandira munda ankalipira magawo 30 mwa 100 a zokolola kwa zaka zisanu. Kwa nthawi yoyamba mlimi wamba adakhala ndi munda wake, zokolola zake ndi ng'ombe yake yolimira.

Zomwe adachita ndi chumacho zidasiya mawu m'chinenero. Azungu amatcha yunivesite nsanja ya minyanga ya njovu. Anthu a ku Korea a m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 adaitcha ugoltap, nsanja ya mafupa a ng'ombe, ponena kuti makoma ake adamangidwa ndi ng'ombe zomwe alimi adagulitsa kuti mwana aphunzire. Ena adagulitsa ndi munda womwe. Mtolowu sudagawidwe mofanana. M'mabanja ambiri mwana wamkazi ankasiya sukulu n'kupita kukasoka zovala kapena kuluka mawigi m'mafakitale a ku Guro mu Seoul, malipiro ake n'kumalipirira mlongo wake wamwamuna. Ana a alimi amenewa ndi omwe adadzakhala mainjiniya a POSCO, Hyundai ndi Samsung, ndipo mu 2009 dziko lomwe linkalandira ufa wachithandizo lidavomerezedwa kulowa m'gulu la maiko opereka chithandizo.

Boma nalo lidatembenukira kumidzi. Mu 1970 Pulezidenti Park Chung-hee adayambitsa Saemaul Undong, ntchito ya mudzi watsopano. Midzi yoposa 33,000 idalandira matumba 335 a simenti uliwonse kuti anthu asankhe okha chomanga, kaya mlatho, chitsime kapena msewu. Midzi pafupifupi theka yomwe idachita bwino idalandiranso matumba 500 ndi tani imodzi ya zitsulo, ndipo yotsalayo idauzidwa kuti ionetse kaye khama. Ntchitoyi idaima pa miyambo yomwe idalipo kale: pumasi, kulimirana mosinthana kofanana ndi dima, ndi gye, yomwe ku Malawi ndi chipereganyu, ku Zambia chilimba, ndipo ku South Africa stokvel. Mbewu yatsopano ya mpunga ya Tongil idathandiza dziko kudzidyetsa lokha pofika m'ma 1977. Alangizi ayenera kudziwanso mbali ina: udali ulamuliro wankhanza, alimi ena adakakamizidwa kudzala mbewu yomwe sankaikonda, ndipo madenga ambiri omwe adalowa m'malo mwa udzu adali a asibesito, omwe boma lakhala likulipira kuwachotsa.

Mudzi wopanda kulira kwa mwana

Mlendo akafika kumudzi wa ku Jeolla kapena Gyeongsang lero amapeza msewu wa phula mpaka pakhomo, madzi a m'mipopi, mathirakitala ndi nyumba zapulasitiki zolimiramo ndiwo zamasamba ndi zipatso. Chomwe sapeza ndi ana. Ogwira ntchito m'minda ndi agogo owerama misana, ndipo masana amakadyera limodzi m'nyumba ya okalamba yomwe ili pafupifupi m'mudzi uliwonse. Mu 2023 mabanja a alimi adatsika kufika pansi pa 1 miliyoni kwa nthawi yoyamba, ndipo oposa theka la anthu a m'mabanjawo adali a zaka 65 kapena kuposerapo. Masukulu oposa 3,500 atsekedwa kuyambira m'zaka za m'ma 1980, ambiri a kumidzi, ndipo mu 2024 masukulu a pulayimale oposa 150 adalibe mwana ngakhale mmodzi woyamba kalasi yoyamba. Mwana yemwe ng'ombe idamuphunzitsa sadabwerere kudzalima. Ntchito yolemetsa ya m'minda tsopano imagwiridwa ndi aganyu ochokera ku Cambodia, Nepal, Vietnam ndi Thailand.

M'mizinda namo ana akuchepa. Mu 2023 chiwerengero cha ana omwe mayi mmodzi amayembekezeka kubereka pa moyo wake chidatsika kufika pa 0.72, chotsikitsitsa padziko lonse, ndipo mu 2024 chidakwera pang'ono kufika pa 0.75. Achinyamata akafunsidwa amatchula mtengo wa nyumba, maola ataliatali a ntchito ndi ndalama za hagwon. Chomvetsa chisoni koposa n'chakuti kwa zaka zambiri kudzipha kwakhala choyamba pa zomwe zimatenga miyoyo ya achinyamata m'dzikolo. Zifukwa zake n'zambiri, koma nkhawa ya sukulu ndi ya tsogolo imatchulidwa kawirikawiri ndi ana eni ake. Akuluakulu adati walira mvula walira matope.

Anthu a ku Korea sakukhala chete pa izi. Mu 2010 boma lidatsegula masekondale a luso otchedwa Meister, ophunzitsa ntchito zamanja mogwirizana ndi makampani, kuti mwana apeze ntchito yolemekezeka popanda digiri. Kuyambira mu 2016 ana a sekondale yoyambirira amakhala ndi teremu imodzi yopanda mayeso, yoti afufuze zomwe amakonda. Mu 2023 boma lidalamula kuti mafunso ovuta mopitirira, omwe ankayankhidwa ndi okhawo odutsa ku hagwon, achotsedwe mu Suneung. Ndalama zopita ku hagwon zidakwerabe chaka chotsatira.

Kubwerera ku Pretoria West

Mlendo akabwerera amapeza kuti mbewu za mpikisano womwewu zidamera kale kwawo. Ku South Africa zotsatira za matiriki zimatuluka mu January, nduna ikulengeza pa wailesi yakanema. Ana a kalasi ya 2024 adakhoza 87.3 pa 100 alionse, koma malo m'mayunivesite sakwanira onse oyenera, ndipo ophunzira a ku Tshwane University of Technology adali nawo m'zionetsero za fizi za mu 2015. Ku Malawi mwana wa Sitandade 8 amadzuka usiku kukonzekera mayeso omwe amasankha opita kusekondale ya boma, makolo amalipira makalasi apadera a patchuthi, ndipo mudzi wonse umafunsa kuti Uje wapeza mapointi angati pa MSCE. Mbuzi ndi ng'ombe zikugulitsidwanso, ndipo bambo wonyamula matumba pamsika wa Tshwane ndi mmodzi mwa omanga nsanjayo.

Palibe angamuuze bamboyu kuti asiye, chifukwa Korea yaonetsa kuti sukulu ya mwana wa mlimi imasinthadi dziko. Koma alimi ndi ogwira ntchito za chitukuko angatolepo mfundo zingapo. Sukulu ya ku Korea idabala zipatso chifukwa idatsogoleredwa ndi munda wa mlimi mwini, chinenero cha mwana mwini, ndi mafakitale odzalandira ophunzirawo. Chakudya cha pasukulu chogulidwa kwa alimi a m'deralo chimadyetsa mwana n'kupatsanso kalabu ya alimi msika. Banja logulitsa ng'ombe yolimira kapena munda chifukwa cha mwana mmodzi liyenera kuyamba lakhala pansi n'kufunsana kuti otsalawo, makamaka atsikana, adzadya chiyani. Ndipo mudzi womwe umauza ana kuti khasu ndi chilango cha wolephera mayeso usadzadabwe ukadzatsala ndi nkhalamba zokha. Makoleji a luso, monga omwe amayang'aniridwa ndi TEVETA ku Malawi ndi ku Zambia, ndi khomo loyenera ulemu wofanana ndi yunivesite.

Pali chenjezo linanso. Mu 2013 boma la Malawi lidalengeza kuti achinyamata okwana 100,000 adzapita kukagwira ntchito ku South Korea, koma boma la Korea lidakana kuti padali mgwirizano wotero, ndipo ambiri omwe adali ndi chiyembekezo adangotsala manja ali m'khosi. Ndondomeko yomwe dzikolo limalembera aganyu akunja, yomwe idayamba mu 2004, imayendetsedwa ndi maboma, ndipo maiko omwe ali m'ndondomekoyo ndi a ku Asia. Munthu wofuna ndalama polonjeza ntchito ya m'munda kapena m'fakitale ku Korea ayenera kukayikiridwa, ndipo chanzeru ndi kukafunsa kaye ku ofesi ya kazembe. Ubale weniweni ulipo ndipo umaoneka, monga chipatala cha Daeyang Luke ku Lilongwe chomwe chidatsegulidwa mu 2008.

Madzulo a Loweruka ku Pretoria West mizere imatalika pamalo otumizira ndalama, ndipo pambuyo pake mafoni amalira m'midzi ya ku Mangochi, Mzimba ndi Ntcheu. Bambo amafunsa ngati ndalama yafika, ngati feteleza wagulidwa, kenaka amaitanitsa mwana. Funso loyamba limakhala la nambala yomwe wakhala m'kalasi. Aphunzitsi obwerera kuchokera ku Korea, omwe adaona ana akugona pamadesiki m'makalasi okhala ndi zonse, angamulangize bamboyo kuti mayunitsi asanathe afunsenso ngati mwanayo akugona mokwanira, ngati ali ndi anzake osewera nawo, ndiponso amuuze momveka kuti zotsatira zikadzavuta pakhomo padzakhalabe pake.